Malume a pa Chitunda cha Netiweki

Ku Chipata munthu wa ku Malawi sungamudziwe pongomuona. Nkhope ndi zomwezo, chilankhulo n'chomwecho, ngakhale kanenedwe ka mtengo wa tomato pamsika n'kofanana. Ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri ku komboni ya Nabvutika, ndikugwira ntchito yotayipa makalata pa sukulu ina mumzindamo, koma akwathu amene ndinkawadziwa sankakwana zala za dzanja limodzi. Zimenezi sizinkandisowetsa tulo. Ine ndine munthu wapakamwa, anzanga ndimawapeza ngakhale pamzere wa kuchigayo.

Zinadzandivuta chaka chimene mwana wanga wamkazi anabwera ndi nkhani ya mnyamata. Mnyamatayo anali mphunzitsi wa ku Tamanda, wochokera m'banja la aphunzitsi okhaokha, anthu oti agogo awo ankalemba kale makalata pamene anga ankadinda chala. Anatumiza uthenga waulemu ndithu. Ankafuna kudziwa kuti ankhoswe a mtsikana ndi ndani, kuti akaonane nawo mwezi usanathe.

Nanga ankhoswewo ndikanawatenga kuti? Bambo a mwanayo tinawaika m'manda tisanachoke ku Ntcheu. Mchimwene wanga, yemwe ndiye akanalankhula ngati malume, anatisiya chaka chachiwiri nditabwera kuno. Kumudzi kunatsala amayi anga okha, okalamba, maso akuchita mdima. Ndipo mayi salankhulira mwana wake pa chinkhoswe, ngakhale akhale ndi pakamwa ngati panga. Tsiku lina tikuchapa, mwanayo anangoti, "Amayi, akaona kuti tilibe munthu, sadzati ndine mwana wotola?" Ndinamukalipira kuti asiye zopusa, koma mawuwo anandilasa mumtima.

Lamlungu lililonse masana ndinkakwera minibasi yolowera ku Mwami, kumalire ndi Malawi, n'kutsika pa kachitunda kena ka m'mbali mwa msewu. Pamwamba pake netiweki ya ku Malawi imagwira. Amayi anga ali ndi kafoni kamabatani, zamakono sazidziwa, ndiye ndinkaika simukhadi ya kwathu n'kuwaimbira ngati ndili ku Mchinji. Pachitundapo ndinkapezapo anthu ena, aliyense atakwezera foni yake m'mwamba kusaka chizindikiro. Ikagwira, tinkapatsana msana, poti nkhani za kumudzi sizifuna khutu la mlendo.

Lamlungu limenelo ndinawafotokozera amayi vuto langa. Anamvetsera, kenako anangofunsa kuti, "Kodi kumene uliko kulibe anthu?"

Nditadula foni ndinatembenuka n'kuyang'ana misana ija. Ndinawerenga anthu khumi ndi mmodzi. Apo m'pamene mutu wanga unatseguka. Munthu wa ku Zambia angakwere chitunda chimenechi kudzatani? Onsewa anali akwathu, ndipo zaka zonsezi ndinkawapatsa msana ngati chitsiru. Ndinaomba m'manja katatu ngati mphunzitsi wa ana a mkaka.

"Akwathu, pepani kukudulani pakamwa. Loweruka la mawa lino lisiyeni, linalo nonse mubwere kwanga ku Nabvutika. Tidyere limodzi, tidziwane."

Poyamba anandiyang'ana ngati ndapenga. Kenako mayi wina wonenepa, foni idakali kukhutu, anaseka n'kuuza amene ankalankhula nayeyo kuti, "Tadikira kaye, kuno kwabuka wa ku Ntcheu." Anandidziwa ndi kalankhulidwe. Onse anaphulika kuseka, ndipo tinayamba kupatsana manambala pompo. Mayiyo anali wa ku Mulanje, wogulitsa salaula pamsika, zija kwathu timati kaunjika.

Cholinga changa chenicheni sindinauze munthu. Ndinkafuna kusankha malume, ndipo ndinali nditamuona kale. Panali bambo wina wa ku Lilongwe, wamtali, wa jekete yotuwa ndi magalasi, wogwira ntchito mu ofesi ya sitolo ina yaikulu. Ankalankhula pang'onopang'ono ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Ndinati mumtima, uyu ndikamuimika pamaso pa aphunzitsi a ku Tamanda, ngakhale iwo adzakonza mataye awo.

Masabata awiri amenewo ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinaitanitsa mpunga wa ku Karonga kudzera kwa mayi wina woyenda pa basi. Ndinasesa pabwalo katatu, ndinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ndinanyengerera aneba kuti atsekere mbuzi zawo. Mayi wa salaula uja anadziika yekha kukhala mkulu wa kukhitchini, osasankhidwa ndi munthu. Tinakangana za thobwa mpaka kutsala pang'ono kutayana. Iye ankati chimera cha mapira, ine ndinkati cha mawere, ndipo mapeto ake tinaphika migolo iwiri kuti anthu aweruze okha. Za mipando anati ndisadandaule. Amuna ake anali kalipentala, ndipo anali ndi mabenchi osagulidwa.

"Nawonso ndi akwathu?" ndinamufunsa.

"A ku Dedza. Koma kuchitunda sabwera. Alibenso womuimbira kumudzi."

Ndinangoti pepani, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Loweruka lija ndinkayembekezera anthu khumi ndi mmodzi. Anabwera oposa makumi atatu. Aliyense anali ndi mnzake amene ankamudziwa, mnzakeyo nayenso ali ndi wake. Kunabwera anamwino, oyendetsa malole, mtsikana wometa tsitsi, abusa opuma pantchito, ndi mayi wina amene ndinakhala ndikugula naye mazira zaka zinayi osadziwa kuti ndi wa ku Balaka. Tinagwirana m'mapewa n'kumatukwanana mwachikondi kuti, iwe, bwanji sunanene? Pabwalo panadzaza phokoso moti aneba anayamba kusuzumira pampanda. Chimwemwe chimene ndinali nacho tsiku limenelo sindinachionenso, ngakhale pa ukwati wanga womwe.

Abusa aja anati aliyense aimirire, anene boma lake, mudzi wake ndi mfunda wake. Munthu akatchula mudzi, wina ankakuwa ali pansi kuti pamenepo ndimapadziwa, pali chigayo pafupi ndi mlatho. Nthungululu zinkangolira. Ine ndinamvako ochepa okha, poti ndinkathamangira kukhitchini. Ndinali ndi ntchito yanga. Bambo wa jekete uja ndinamukhazika pampando wa khushoni pamthunzi, n'kumupatsa ntchafu ya nkhuku ndi nthutumba yomwe.

Atasamba m'manja, ndinamuitanira kuseri kwa nyumba n'kumufotokozera zonse. Anamvetsera bwino, anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Mayi, mwandilemekeza," anatero. "Koma ine kuno ndine mame. Chaka chamawa ndikubwerera ku Lilongwe. Nkhoswe si wa tsiku la chinkhoswe lokha. Anawa akadzayambana, adzagogoda pakhomo la ndani?"

Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinabwerera kukhitchini. Mtima unkawawa chifukwa cha mwana wanga, komanso, ndisaname, chifukwa cha nthutumba yanga imene inapita pachabe.

Mayi wa salaula anandiona nkhope. "Mwatani, amake mtsikana? Thobwa lanu lagonja?"

Ndinalephera kudzigwira. Ndinakhala pa ndowa n'kumuuza zonse misozi ikutsika, kuti phwando lonseli ndinalikonza kuti ndipezere mwana wanga malume. Ndinkaganiza kuti akwiya. Iye anangopukuta manja pa chitenje n'kufunsa kuti mfunda wanga ndi uti, poti nthawi yodzitchula ija ine sindinaimirire. Nditamuuza, anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Bambo a kunyumba," anaitana, "tasiyani mabenchiwo, mudzaone mlongo wanu."

Analowa bambo wachikulire, wamfupi, wa malaya ofwifwa, utuchi udakali m'tsitsi. Ndinali nditamuona m'mawa akutsitsa mabenchi pa njinga, koma ngakhale madzi akumwa sindinamupatse. Manyazi anandigwira. Mkazi wake atamufotokozera, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatchula mfunda wathu monga mmene mchimwene wanga ankautchulira pondithokoza ndikamupatsa chakudya.

Sanavomere msanga. Anati ndimuitanire mwanayo. Anamufunsa ngati mnyamatayo amamwa, ngati anamukwezerapo dzanja, ngati akumufunadi kapena akungothawa umphawi wa amake. Mwana wanga anayankha atagwada, ndipo ine ndinadziwa zinthu ziwiri zimene sindinkazidziwa. Atatha, bamboyo anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, ndivomera. Koma bodza ayi. Anthuwo ndikawauza kuti umalume wanga ndi wa mfunda, si wa bere limodzi."

Ndinayesa kumunyengerera. Ndinati anthu a ku Tamanda ndi ophunzira, adzatiseka kuti tatola malume pa phwando. Iye anati banja lomangidwa pa bodza lili ngati benchi la misomali yadzimbiri, limathyoka anthu atakhalapo. Ndinatsutsa mpaka mawu anandithera, koma bamboyo sanasunthe. Titatuluka, mkazi wake anali atalengeza kale pabwalo. Anthu anatikhazika pa benchi limodzi, nthungululu zikulira, oyendetsa malole akuomba m'manja, ngati kuti ndife amene tikukwatirana.

Anthu a ku Tamanda anabwera Loweruka lotsatira, dzuwa lili paliwombo. Mwambo sunkandilola kukhala nawo pabalaza, ndiye ndinakhala kukhitchini khutu nditaligunditsa pa chitseko. Achimwene, poti ndinali nditayamba kale kuwatchula choncho, anabwera atavala jekete yakuda yonunkha mankhwala a njenjete. Atapatsana moni, ananena zonse osabisa. Anati malume enieni a mwanayu anamwalira, iwo ndi malume a mfunda, ndipo mlongo wawoyu anamudziwa sabata yapitayi.

Ine ndinagwira pamtima. Ndinkamva mwana wanga akupuma mwamantha kumbuyo kwanga.

Kenako nkhoswe wa kuchimuna, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, anakonza kukhosi n'kufunsa kuti, "Mumakhala kuti, bambo?"

"Konkuno ku Nabvutika, kuseri kwa msika. Zaka makumi atatu pakhomo limodzi."

"Zikavuta tikakupezani?"

"Mukandipeza. Ndikachoka pamenepo ndiye kuti mwamva za maliro anga."

"Basi," anatero mkuluyo. "Ife timafuna khomo logogodapo, osati magazi oyeza kuchipatala."

Ndinakhala pansi pompo pa simenti. Mwana wanga anandikumbatira, tonse tikuseka ndi kulira mosatulutsa mawu kuti alendo asamve.

Ukwati unachitika, ndipo akwathu a pachitunda anadzaza mabenchi anayi m'tchalitchi. Kuyambira pamenepo timakumana mwezi uliwonse, nyumba ndi nyumba, ndipo mkangano wa thobwa sunathebe. Koma pansi pa mtima ndinkaonabe ngati achimwene aja anangondithandiza kuwoloka mtsinje, ntchito yawo inathera pomwepo.

Patapita chaka ndi theka, ndikusankha masiketi pa benchi la salaula, mkazi wa achimwene, mlamu wanga uja, pakamwa panamuterera. Anati mwana wanga anagona kwawo masiku awiri mwezi wathawo, atayambana ndi mwamuna wake, ndipo ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi n'kuikonza nkhaniyo. Ine mayi wake, wokhala mtunda woyenda mphindi khumi, osamva kanthu. Ndinataya siketi n'kulunjika kumene achimwene amapalira matabwa.

Ndinawapeza akupala chitseko. Ndinalankhula zambiri, zina sindingazibwereze pano. Ndinati mwanayo ndinamubereka ndine, ndinamuyamwitsa ndine, nanga amathawira bwanji kwa ena? Iwo anapitiriza kupala mpaka nditatopa.

"Achemwali," anatero, "ntchitoyi munandipatsa nokha. Mwana akathawira kwa amake, banja limatha. Akathawira kwa amalume, limakonzeka. Mukufuna ziti?"

Mkwiyo unasungunuka, m'malo mwake munalowa chimwemwe chimene chinandikhazika pa mulu wa matabwa. Mwana wanga anali ndi khomo logogodapo.

"Ndipo Lamlungu mundidikire pa siteji," anaonjezera. "Agogo ake ayenera kumva kwa ine kuti zinatha bwino."

Tinakwera chitundacho limodzi, iwo akupumira m'njira kawiri. Anati panali patatha zaka khumi ndi zinayi chiikireni munthu wawo womaliza kumudzi, ndipo kuyambira pamenepo sanapondenso pachitundapo. Netiweki itagwira ndinawapatsa foni. Ndinamva mawu a amayi anga akufunsa kuti, "Ndiwe mwana wanga uja wa ku Dedza?"

Achimwene anavula chipewa. "Ndine, amayi," anatero. Kenako anandipatsa msana monga amachitira aliyense pachitundapo, ndipo ine ndinasendera patali kudikira kuti amalize kulankhula ndi kumudzi.