Miyala ya pa Depoti ya Chimanga

Chaka chimene ndinkachita lendi ku Chinsapo, chimanga chinasowa Januwale asanathe. Pafupi ndi msika panali depoti ya kampani ya boma yogulitsa chimanga motsika mtengo. Chipata chinali chotseka, koma mzere unalipo, wa miyala. Aliyense ankaika mwala wake kapena njerwa, n'kupita kukagwira ntchito zina. Mwala wa mnzako sunkakhudzidwa.

Eni nyumba yomwe ndinkakhala anali mayi wamasiye wochokera ku Thyolo, wolera zidzukulu zitatu. Mwala wawo unali wachinayi, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kukauona. Ndalama ya chimanga anali nayo, yomanga pansonga ya chitenje, koma kwa mavenda ankakana kugula. "Lole ikubwera," ankatero. Uku mtengo wa mavenda ukukwera sabata iliyonse.

Nthawiyo ndinali mtolankhani. Ananditumiza ku msonkhano wa ku hotela wokambirana kayendetsedwe ka makampani a boma. Mfundo zake zinali zomveka: misonkho ya anthu isamathere m'makampani osapindula, mabodi oyendetsa makampaniwo asamadzazidwe ndi anthu andale, madepoti ena atsekedwe. Ndinagwirizana nazo, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo. Koma pamndandanda wa madepoti oti atsekedwe panali yathu ija. Ndinafunsa ngati anthu auzidwa. Bwana wina anayankha kuti chikalata chili m'njira.

Nkhani ndinailemba. Inatuluka patsamba la zachuma, m'Chingerezi. Mzere wa miyala unangotalikirabe.

Panapita masiku anayi ndisanawauze mayi aja. Ndinkadzinamiza kuti si udindo wanga. Tsiku lachisanu ndinawapeza akupeta madeya pakhonde.

"Amayi, lole sibwera. Depoti ija aitseka."

"Wakuuzani ndani, achimwene a nyuzi?"

"Pepala lake ndinaliona ndi maso angawa."

"Nanga pepalalo bwanji sanalimate pachipata? Kapena guluu nayenso akudikira lole?"

Sanaseke ayi. "Inu mwadziwa liti?"

Ndinawauza zoona. Anatenga thumba n'kulunjika kwa mavenda. Ndalama yomwe poyamba ikanadzaza thumbalo inangolifikitsa pakati.

Pobwerera anadzera ku depoti. Anauza amayi anzawo amene anawapeza pamenepo, ena anakhulupirira, ena ayi. Iwo anatola mwala wawo n'kubwera nawo kunyumba.

M'mawa mwake ndinadutsapo popita kuntchito. Mwini mwala wachisanu anali atausunthira kutsogolo.