Mchombo wa Bester ku Wembley

Bester ndamudziwa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Tinakumana ku tchalitchi ku Peckham chaka chimene ndinafika kuno kuchokera ku Zimbabwe, kumene bambo anga, munthu wa ku Dedza, anagwira ntchito pafamu ya fodya mpaka imfa yawo. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye pano ndilemba zokhazo zimene ndinaona ndi kumva. Pamene sindinamvetse ndinena kuti sindinamvetse.

Bester anabadwira kuno mu 1976. Bambo ake anathawa ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, ndipo anamwalira osabwererako. Bester amayendetsa basi ku Romford, ankakhala ndi amayi ake, a Florence, ndipo ine amanditchula ankolo. Chichewa amayankhula, koma chotsimphina.

Kwa zaka khumi ndi zinayi, Loweruka lililonse ankapita kumunda wa mlimi wina kunja kwa Romford ndi makina ofufuzira zitsulo pansi. Ndi ndodo yokhala ndi kambale kumapeto. Amaiyendetsa pamwamba pa udzu ngati akusesa, atavala mahedifoni, ndipo ikalira amakumba. Ndinapita naye kangapo. Ankapeza mabatani, misomali ya nsapato za akavalo ndi makobidi obiriwira osagula kanthu. Chimodzi chokha ndinkamuyamikira. Dzenje lililonse ankalikwirira n'kubwezeretsa udzu wake, moti ukangotembenuka sungalozenso pamene anakumba. Ankati limenelo ndilo lamulo loyamba la ntchitoyo.

Kenako mundawo unamuthera. Anayesa kuyenda mopingasa, anayesa kupita mvula itangogwa, anayesa kudikira kuti thirakitala itembenuze dothi. Zinkatuluka ndi zotsegulira zitini za mowa.

"Ndautha, ankolo," anandiuza. "Msomali uliwonse wa m'menemuja ndimaudziwa dzina."

"Kapemphe kwa mlimi wina."

"Kugogoda pakhomo pa munthu wosamudziwa kumandidula miyendo."

Anayamba kumafika kumundako, kudya masangweji m'galimoto, n'kubwerera. Mapeto ake makina aja analowa m'kabati ya pansi pa masitepe. Ine ndinkaganiza kuti wachira, koma ndi pamene anafota. Munthu wamkulu kudwala chifukwa chosowa misomali, zimenezo sindinazimvetse.

Chaka chatha a Florence anaganiza zobwerera ku Ntcheu kukakhazikika. Tikiti inali ya Loweruka lomaliza la Okutobala. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi anandiitanira pambali.

"A Biswick, muuzeni mwana wanuyo atulutse makina ake aja."

"Mumakhala naye nyumba imodzi, mayi. Bwanji osamuuza nokha?"

"Nkhani iyi mayi sauza mwana wamwamuna. Pali chimene tinakwirira ku Wembley, kuseri kwa nyumba imene anabadwiramo. Sindingachisiye m'nthaka ya eni. Ndege sindikwera ndisanachitenge."

Sanatchule dzina lake, koma ndinadziwa kuti akunena mchombo wa Bester. Nditamufotokozera, ndinawonjezera maganizo anga, kuti patatha zaka zonsezi sipangakhale chotsala.

"Chilipo, ankolo," anatero. "Adadi anandiuza ndili mwana. Anauika m'kachitini kawo ka fodya. Chitini makina amamva."

"Amayi ako wawafunsa?"

"Ine ndifunse amayi za mchombo wanga? Inuyo mungafunse?"

Sindikanafunsa. Ndiye palibe anafunsa.

Loweruka lotsatira tinakwera sitima kupita ku Wembley. M'njira Bester anati akauza mwini nyumba kuti tikusaka mphete ya ukwati ya amayi ake, chifukwa nkhani ya mphete anthu a kuno amaimva msanga.

"Ukanama pakhomo paja, ine ndikwera sitima kubwerera," ndinamuuza.

Anaima pageti nthawi yaitali, makina ali paphewa, mpaka ndinagogoda ndine. Anatsegula bambo wachimwenye wopuma pantchito, atavala masilipasi. Bester anafotokoza zoona zake m'Chingerezi, akuyang'ana pansi. Bamboyo anati abwereze. Atabwereza, bamboyo anaitana mkazi wake kuti amvenso. Mayiyo anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti tikumbe paliponse koma tisakhudze tsabola wake.

Malo a kuseri kwa nyumbayo ndi ochepa, kapinga ndi kashedi kosungiramo zida ndi mpanda woyang'ana kunjanji. Koma pansi pake panali zitsulo ngati pagalaja. Makina ankalira pa phazi lililonse. Ndinaona Bester akudzuka ngati chimanga cholandira mvula. Ankagwada, kukumba, kuseka yekha, kukwirira, kupita patsogolo. Ntchito yanga inali kunyamula ndowa ya zitsulo zopanda pake kukataya m'bini. Lamlungu lililonse a Florence ankandifunsa mawu amodzi okha: "Chapezeka?"

Loweruka lachitatu anafukula kachitini kozungulira, kadzimbiri. Anakatsegula. Munali dothi lokhalokha, ndipo pachivundikiro pankaonekabe kuti kanali ka polishi wa nsapato. Anakagwira nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana.

"Amayi maso awo ndi ofooka. Sangasiyanitse."

"Ukawapatse. Koma akandifunsa ine, ndinena kuti n'ka polishi."

"Ankolo, kwatsala milungu iwiri. Mukufuna tikiti ipse?"

"Ndikufuna mayi asakakwirire polishi ku Ntcheu."

Pobwerera anakhala mpando wina m'sitima, ndipo sanandiyankhule mpaka tinasiyana.

Lamlungu lomaliza panali chakudya chotsanzikana kunyumba kwa a Effie ku Peckham. A Effie ndi mnzawo wakale wa a Florence, ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo pakamwa pawo palibe chitseko. Ndiwo anathandiza a Florence pamene Bester anabadwa. Alendo ena atapita, tinatsala anayi tikumwa tiyi ndi mandasi. A Effie anatembenukira kwa Bester.

"Iwe wamakina, ndamva kuti wakhala ukulima kwa amwenye. Wakolola?"

"Ayi, anti. Kachitini kaja sikakupezeka."

"Kachitini kanji?"

"Ka fodya. Kamene munaikamo... chinthucho."

A Effie anaika kapu pansi.

"Florence, ukumumva mwana wakoyu? Ndani anakwirirapo mchombo m'chitini? Ndi nsomba?"

"Koma adadi anati..."

"Abambo ako analipo? Mwamuna saona zimenezo. Tinawatuma kukagula mkaka, ndipo tinawauza golosale yakutali. Mchombo tinaukulunga m'kansalu kamene ndinang'amba kumpango wa mayi ako. Kachitini kawo ka fodya ndinataya ndine tsiku lomwelo, chifukwa ankasutira khanda. Atakasowa anadzipangira nkhani yawo."

Bester anabweza ndasi m'mbale. A Florence ankayang'ana uku ndi uku, osaona chovuta.

"Ndiye vuto n'chiyani?" anafunsa. Kanali koyamba kuyankhula ndi mwana wawo maso ndi maso pa nkhaniyi. "Chitini kapena nsalu, makinawo si amapeza zotayika?"

"Amamva zitsulo zokha, amayi."

"Zitsulo zokha?"

"Inde."

"Zaka zonsezi, mvula ikugwa, umasaka zitsulo?"

"Inde, amayi."

"Ine ndimauza anthu kutchalitchi kuti mwana wanga amapeza zinthu zimene anthu anataya."

"Zachitsulo, amayi."

Ndinaona kuti wina ayenera kunena zoona zonse, ndiye ndinanena kuti kansalu ndi mchombo zinaola kalekale, Bester asanayambe n'kukwawa komwe. A Florence anandiyang'ana ngati ndawaponda chala.

"Zimenezo ndikudziwa, a Biswick, sindine mwana. Chimene ndikufuna ndi dothi la pamalopo. Ndimayesa makinawo akalira, ndiye kuti pamalo pake ndi pomwepo."

Apa ndi pamene ndinasokonezeka kwenikweni. Ife mwezi wathunthu tinkasaka chitini chimene sichinalipo, mayi ankadikira dothi, ndipo aliyense ankaganiza kuti mnzake akudziwa.

"Malowo ndi osavuta," anatero a Effie. "Panali chitsulo choimika, chomangirira chingwe choyanikira zovala. Tinakumba patsinde pake. Ngati makina ako amakonda zitsulo, kasake chimenecho."

Bester anagwira mutu. Inenso ndinakumbukira. Loweruka lachiwiri tinazula chidutswa cha paipi chotalika ngati mkono, choimirira m'dothi, chodulidwa pamwamba. Tinavutika nacho, Bester akuchitukwana kuti chikumutayitsa nthawi. Ndinachinyamula ndine kukachiponya m'bini. Ndinawauza amayiwo zimenezi mosabisa.

"Chabwino," anatero a Florence. "Ndiye mukudziwa pamene munachizula."

Sitinkadziwa. Maenje amene Bester anakumba kumeneko anapitirira makumi asanu, ndipo lililonse analikwirira mwaluso lake lija. Iye anati dzenje la paipi lija linali pafupi ndi mpanda. Ine ndinkaona ngati linali pafupi ndi shedi, koma sindikanalumbira. Tinafunsa amayiwo. A Effie anati chingwe chinkachokera pakhomo la kukhitchini kupita kumanzere. A Florence anati kumanja, ndipo anawonjezera kuti a Effie akusokoneza ndi nyumba ina.

"Ine kusokoneza? Iwe unali chigonere, unangotuluka nditakugwira mkono."

"Koma zovala pachingwepo ndinkayanika ndine, zaka zisanu."

Anakangana mpaka tiyi anazizira.

Lachinayi Bester anapempha tchuthi kuntchito ndipo tinapitanso. Anati paipi yokhalitsa m'dothi imasiya dzimbiri, ndipo dzimbirilo makina angalimve. Koma kunagwa mvula tsiku lonse, ndipo makina ankalira paliponse pamene tinakumbapo kale. Mwini nyumba anatiyang'anira pawindo. Madzulo Bester anati tingotapa dothi pakati pa kapinga, popeza lonse ndi la kuseri kwa nyumba yomweyo. Ndinamuuza kuti atape, koma akawauze amayi ake pamene watapa. Anatapa m'kabotolo, ndipo anakawauzadi.

A Florence anakankhira kabotoloko kumbali.

"Ili ndi dothi la amwenye. La mwana wanga ndi la pamalo paja."

Lachisanu masana ndinapita ku Romford. Masutikesi anali omangidwa kale, ataima m'khonde la m'nyumba, koma a Florence anali atavala zovala zapakhomo. Anati sakupita. Achibale ku Ntcheu anali atakonza kale nyumba, ndipo mng'ono wawo, amene sanaonane naye zaka zambiri, anali kudwala. Ndinawakumbutsa zimenezo. Anati akudziwa.

Pamenepo Bester anachita chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Anatsika pampando n'kukhala pansi, pakapeti, pafupi ndi mapazi a amayi ake, ndipo anayankhula Chichewa chokhachokha mpaka kumaliza.

"Amayi, pitani. Malo aja ndiwapeza. Dothilo sinditumiza ndi munthu. Ndibwera nalo ndekha ku Ntcheu."

Bester sanapondepo ku Malawi chibadwire. Amayi ake anatembenukira kwa ine.

"A Biswick, inu ndinu ouma mtima, koma simunama. Mudzakhalepo potapa. Mukadzati ndi pamalo pake, ndidzalandira."

Ndinavomera, ndipo m'mawa mwake a Florence anakwera ndege.

Tsopano papita miyezi isanu. Loweruka lililonse Bester amakhala ku Wembley, ndipo ine ndimapita naye monga mboni. Kapinga uja anamugawa ndi zingwe m'timagawo, n'kujambula papepala, ndipo kagawo kalikonse amakamvetsera pang'onopang'ono ngati dokotala pachifuwa. Wagogodanso pamakomo awiri oyandikana, yekha, kufunsa ngati alipo amene ali ndi chithunzi chakale cha kuseri kwa nyumbazo. Mayi wa tsabola uja amatipatsa tiyi. Kawiri konse Bester wandiitana kuti ndione dothi limene iye amati ndi lofiirira ndi dzimbiri, ndipo kawiri konse ndamuuza kuti sindikudziwa. Sindikudziwanso kuti tsiku limene adzapeze malowo ndidzazindikira bwanji, popeza dothi lonse kumeneko ndi lakuda mofanana.

A Florence amaimba foni Lamlungu. Amayamba kucheza ndi mwana wawo za nyengo ndi za mng'ono wawo, kenako amati apereke foni kwa ine, n'kufunsa ngati papezeka. Ndimati ayi. Bester pasipoti wakonzetsa kale, koma ku Ntcheu sanapite, ndipo dothi limene analonjeza amayi ake likadali pansi ku Wembley.