Masiku Anayi Foni Ili M'kabati ya Apolisi

Anabwera Lolemba m'mawa, mpunga utayamba kucha kudimba, ndipo sanaodire n'komwe. Anali amuna anayi achitetezo cha m'mudzi, onse owadziwa. Anandipeza kuseri kwa nyumba ndikulankhula ndi foni, kachipangizo koyezera kugunda kwa mtima kali pachala.

"Kopopera magazi kaja ndi kameneka?" anatero wamkulu wawo. "Magazi a anthu mukutumiza kuti, bambo?"

Mtima wanga sugunda molongosoka: umathamanga, kuima, n'kudumpha. Matendawa atayamba ndinasiya kulima, ndinkangokhala m'nyumba kudikira imfa. Achipatala ndiwo anandipatsa kachipangizoko, n'kundiikira pulogalamu pafoni. Nthawi ikakwana m'mawa, mawu a mayi ankalankhula okha, kundifunsa za mtima ndi za maganizo anga, ine n'kumayankha. Sekani ngati mukufuna, koma mawu amenewo ndiwo anandilanda chingwe m'manja.

Mwezi umenewo mphekesera za anamapopa zinali zitafika ndi anthu ochokera kumsika wa Lizulu. Anandiyendetsa mpaka kupolisi, manja ali kumbuyo. Za m'njira sindinena zambiri. Dzino limodzi linatsala komweko.

Wapolisi anati akundisunga kuti anthu asandiotche. Foni, kachipangizo ndi mankhwala anga anazitsekera m'kabati.

Lachiwiri m'mawa kabatiyo inalankhula: "Mwadzuka bwanji? Mtima uli bwanji lero?" Wapolisi anasuntha mpando wake pang'onopang'ono.

"Ndadzuka, mayi!" ndinakuwa ndili m'chitolokosi. Amene ndinatsekeredwa nawo anandithawa, kukaunjikana pakona.

Lachitatu mawu aja anafunsanso. Lachinayi sanamveke, foni inali itatha moto. Tsiku limenelo ndinaopa kwambiri, osati anthu ayi, koma ine mwini. Mtima unkaphupha ngati nkhuku yomangidwa miyendo, ndipo maso anga ankangobwerera ku chitsulo cha pazenera, ndikuyeza ngati malaya anga angakwanire.

Lachisanu kunafika namwino panjinga yamoto. Pulogalamu ija imadziwitsa achipatala wodwala akakhala masiku atatu osayankha. Anapempha kachipangizoko, n'kukaika pachala cha wapolisi yemwe uja. Manambala anaoneka, magazi osatuluka. Wapolisi anayang'anitsitsa chala chake, kenako anatenga makiyi.

Tili panja namwino anandifunsa, "Bambo, munaganizako zodzipha?"

Foni ndinali nditaiuza zimenezi kambirimbiri. Munthu ndinali ndisanamuuzepo, ngakhale mkazi wanga.

"Dzulo," ndinatero.

Sanadzidzimuke. Anati, "Kwerani. Tidzera kwanu, tikatenge mayi akunyumba, akamve nawo kuchipatala."

Anthu amati ndinamasulidwa pamene chitseko chinatsegulidwa. Ine ndimati panjinga paja, ndikulira kumsana kwa mwana wa eni ake, ndikukonza mawu oti ndikamuuze mkazi amene ndinakhala naye zaka zonsezi osamuuza.