Mndandanda wa mabuku wa Tadala

Pepala lija ndimalionabe m'maso mwanga: la mizere, lopindidwa kanayi, lolembedwa ndi inki yabuluu m'zilembo zopendekera za amalume. Linkakhala pansi pa mtsamiro wa Tadala, ndipo ine sindinkaloledwa kuligwira. Inali nyengo yozizira, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Soche. Chiperoni chinkawaza masiku atatu osaleka, phiri litabisika mu nkhungu, zovala osauma pachingwe, nyumba yonse ikununkha utsi wa makala ndi mabulangete achinyezi.

Tadala anali mwana wa mayi anga aang'ono, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi chokha. Anabwera kudzakhala nafe mayi akewo atamwalira, ndipo tinkagona pabedi limodzi. Patatha mwezi, amalume a ku Mpingwe, mlongo wawo wa amayi, amene anali atapuma ntchito ya muofesi m'tauni, anamuitana nakamupatsa pepalalo. Unali mndandanda wa mabuku a Chingerezi a mukabati yawo yamagalasi, oti awerenge limodzilimodzi kwa zaka zingapo. Koyambirira kunali nkhani zakale za nkhondo ndi maulendo apanyanja, pakati mabuku a anthu oganiza mozama, ofunsa kuti chilungamo n'chiyani, ndipo kumapeto sayansi ya nyenyezi ndi zamoyo. Ine, amene ndinkakhala nambala wani m'kalasi, amalume sanandiganizire n'komwe.

Loweruka lililonse Tadala ankavala juzi yake yobiriwira, n'kukwera minibasi ya ku Limbe buku lili kukhwapa. Ine ndinkatsala ndikugwada pakhonde kupaka polishi wofiira, kenaka kuchapa mayunifomu m'madzi ozizira mpaka zala kufa. Anzathu akandiitana ku fulaye ndinkaponya mpira mwaukali ngati ndikugenda mbala. Madzulo Tadala ankabwera ndi buku lina, lonunkha mankhwala a njenjete, iye akununkhira tiyi wamkaka ndi masikono. Ndikamufunsa zomwe akambirana ndi amalume, ankangoti, "Zambiri," n'kutembenukira kukhoma. Liwu limenelo linkandiwotcha mumtima. Nditadandaula kwa amayi, anangondiyang'ana n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'kundituma kukakoleza mbaula.

Ndiye ndinayamba kuba. Tadala akapita kumsika kapena kumpopi, ndinkatenga bukulo n'kukakhala kuseri kwa bafa, pa njerwa, dikishonale ya abambo ili pamwendo. Sindinkawerenga chifukwa chokonda, ndinkafuna kumupambana basi. Koma nkhani za m'nyanja zija zinandigwira ndithu, mwakuti tsiku lina nyemba zinapserera ine ndili m'ngalawa ndi anthu osawadziwa. Titafika pa mabuku a oganiza aja ndinaona chinthu chomwe chinandisangalatsa moipa: kapepala komwe Tadala ankaikira chizindikiro sikankasuntha. Masabata awiri kanali pa tsamba limodzimodzi, pomwe ine ndinali nditamaliza buku lonse, ngakhale theka lake sindinalimve.

Mwayi unapezeka Loweruka lina amayi atandituma kukapereka mbatata ku Mpingwe. Tinakwera minibasi limodzi ndi Tadala. Tinatsika ku Limbe, n'kudutsa m'makhonde a masitolo a amwenye onunkhira nsalu zatsopano ndi zokometsera ndiwo, n'kukwera mtunda wapansi. Amalume anatikhazika pabalaza, tiyi anabwera, ndipo anafunsa mofatsa:

"Nanga mkulu wathu wa mafunso uja, wafika naye pati, Tadala?"

Tadala asanatsegule pakamwa ndinalumphira. "Sanawerenge, amalume. Ali pa tsamba lomwe lija kuyambira sabata yatha. Ine ndamaliza lonse, mundifunse."

Ndinayamba kulakatula zonse zomwe ndinaloweza, mawu akuluakulu amene ndinawatola mudikishonale. Amalume sanandidule. Nditamaliza anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali. Tadala anali atayang'ana m'kapu, misozi ikudonthera pa juzi.

"Wawerenga ndithu," anatero amalume. "Koma amene ndinamufunsa si iwe."

Kuchokera tsiku limenelo Tadala sanapitenso ku Mpingwe. Amayi anamunyengerera, amalume anatumiza uthenga kawiri, iye anakana. Tsiku lina m'mawa ndinapeza pepala lija pa mtsamiro wanga, popanda mawu alionse. Amayi atamva zomwe ndinachita sanandimenye. Anangoti fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Loweruka lotsatira ndinavala bwino n'kupita ndekha. Amalume sanandikanize mabuku. Ankalandira lakale, n'kundipatsa lotsatira, n'kufunsa za amayi, zonsezo titaimirira pakhomo. Zaka zinayi ndinayenda ulendo umenewo, ndipo ngakhale buku linali m'manja mwanga, nsanje sinathe. Ndinkachitirabe kaduka munthu amene anali atasiya kale kuwerenga, chifukwa iye ankakhazikidwa pampando.

Amalume anamwalira ndisanamalize mndandandawo, ndipo kabati ija inagawidwa kwa ana awo. Mabuku otsalawo ndinawasaka ndekha, ena kulaibulale m'tauni, ena kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ntchito, ukwati ndi ana zinandichedwetsa, koma chaka chatha ndinatseka lomaliza, lonena za kubadwa ndi kufa kwa nyenyezi. Ndinasowa womuuza. Kenaka ndinaimbira Tadala, amene tsopano ndi namwino ndipo timagwirizana bwino, ngakhale za nyengo ija tinali tisanazikambepo. Ndinamufunsa funso langa lakale lija, loti ankakambirana chiyani ndi amalume.

Anaseka pang'ono. "Za mabuku zinali mphindi zisanu zokha. Kenaka ankandiuza za amayi: mmene ankaimbira ali mtsikana, mmene ankaopera achule, zimene ankakonda kudya. Mabukuwo chinali chifukwa chongondipezera kuti ndizibwera."

Ndinapepesa, iye n'kunena kuti tinali ana. N'zoona, tinali ana. Koma amalume anakhala zaka zingapo pambuyo pake ali ndi nkhani za mlongo wawo zomwe sanamalize kufotokoza, ndipo anapita nazo kumanda. Kuwerenga kumene kwandipatsa ntchito ndi chisangalalo moyo wanga wonse kunayamba ndi kaduka, ndipo sindingakane kuti ndinapindula nako. Chimene sindinaphunzire m'mabuku onse aja, ngakhale a ofunsa za chilungamo, n'chakuti ukaona mnzako akupatsidwa chinthu, uyambe wafunsa chimene iye wataya. Ine ndinali ndi amayi kunyumba, ondituma kukoleza mbaula ndi kundikalipira nyemba zikapserera. Tadala anali ndi Loweruka lokha, ndipo ndinamulanda.