Mpeni umene ndinasankha nditatseka maso

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene ng'ala inatseka maso a ababa. Sinawatseke tsiku limodzi ayi. Inayamba ndi diso lamanzere, kenako n'kuwolokera kumanja, mpaka munthu amene anatha zaka zambiri ku usilikali akuyenda m'tchire popanda womulondolera anayamba kundifunsa ine kuti chitseko chili pati. Dzina langa lapasukulu lilipo, koma kwathu, kumapiri kumtunda kwa Nsipe, aliyense ankanditchula Nangozo potengera chiwongo cha ababa.

M'nyumba mwathu munalibe mwana wamwamuna. Tinali atsikana atatu, ine woyamba. Amayi anali mtengwa wochokera ku Kandeu, ndipo pa nkhani za pamudzi mawu awo sankapita patali. Chimene chinkatiimika chinali khola la mbuzi zimene ababa anagula atapuma ntchito. Wina akadwala, mbuzi. Sukulu ikatsegulira, mbuzi. Kachewere akapsa ndi chiwawu kumunda, mbuzi zomwezo ndizo zinkatifikitsa ku masika.

Ababa analinso msendi wa pamudzi. Pamaliro kapena paukwati, nyama ikagwa ankaitana iwowo, chifukwa chikopa chosenda iwo chinkatuluka chopanda chiboo, ndipo amuna ovina ngoma ankachilimbirana. Ine ndinkawagwirira miyendo ya mbuzi kuyambira ndili kamwana. Kuseri kwa khola, anthu asakuona, ankandisiyira mwendo umodzi kuti ndisende ndekha.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mng'ono wawo, amene tinkawatchula ababa aang'ono. Anakhala pampando, nalonjera bwinobwino, kenako anatula chimene anadzera.

"Achimwene, mbuzizi zipite kukhola kwanga. Dalitso wanga azizisamala. Kuno kulibe mwamuna."

Tonse tinkadziwa kuti mbuzi yolowa khola la ababa aang'ono siibwerera. Ya azakhali inalowamo chaka china, tinangomva kuti yagwidwa ndi fisi, fisi wake wodziwa kuthira mchere. Mtima unandiwira. Ndinali pakhonde ndikusenda kachewere, malo amene mwana amayenera kungomva osayankha, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Mbuzi zathu sizipita kulikonse! Ndilipo ine."

Amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi. Ababa aang'ono anaseka kwambiri, kuseka kopweteka kuposa ndodo. Anandifunsa ngati mbuzi ikakodwa chingwe m'thengo ndingadule ndi mano, ndiponso ngati ikafa ndingaisende ndi chipande. Ababa anawasiya aseke mpaka atatopa. Kenako ananena mofatsa kuti Loweruka la mlungu winawo, pa mwambo wa chiliza cha agogo, padzagwa mbuzi ziwiri. Imodzi asende Dalitso, ina ndisende ine. Chikopa chinene chokha kumene mbuzi zikhale. Ababa aang'ono anavomera msanga, poganiza kuti nkhani yatha kale.

Vuto linali mpeni. Wa ababa, umene anabwera nawo kuchokera ku usilikali, unali utatha ndi kunola, utatsala kuonda ngati tsamba la nsungwi. Choncho tsiku la msika tinatsetsereka ku Nsipe, ababa atagwira phewa langa, ine ndikuwauza pamene pali mwala ndi pamene pali ngalande.

Mphepete mwa msewu waukulu, kupitirira ogulitsa tomato ndi kabichi, munthu wina anali atayala mipeni pathumba. Ndipo pamenepo ndinauona. Mayo ine, mpeni uja! Unali wautali, wonyezimira moti ndinadziona nkhope, kumsana kuli mano ngati macheka. Chigwiriro chake chinali chamawangamawanga ngati yunifomu ya asilikali, ndipo kumapeto kwake kunali kampasi imene ukaipotokola inkatseguka, m'kati muli machesi ndi mbedza. Inalipo iwiri yofanana. Tili pomwepo anatulukira Dalitso ndi ababa ake. Sanachedwe n'komwe. Dalitso anatola umodzi, naukoleka m'chiuno, n'kundiyang'ana ngati wapambana kale.

Ndinakoka ababa malaya. Ndinawauza kuti watsala umodzi, wachisilikali weniweni, tigule msanga asanautenge ena.

"Wachisilikali wakuuza ndani?" anandifunsa. "Tseka maso."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Wogulitsa uja anaseka, nati, "Madala, osaona akwanira mmodzi, musachite kuwonjezera wachiwiri." Anthu oyandikana nawo anaseka nawo. Manyazi anandigwira, komanso mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndiwo unanditsekera maso. Ndinati aseke, ndiona kumene zithere.

Ababa anauza wogulitsayo kuti aziika mipeni m'manja mwanga umodziumodzi. Woyamba unali wonyezimira uja, ndinauzindikira ndi mano ake. Anandiuza kuti ndiyendetse chala kumsana kwake kuchokera kunsonga kutsika mpaka pachigwiriro, ndiwauze pamene chitsulo chathera. Chinathera pakhomo penipeni pa chigwiriro. Kuchoka apo m'manja mwanga munali pulasitiki wamphako. Anati ndiugwedeze pafupi ndi khutu. Unalira kochokocho, machesi aja akuvina m'kati. Anati ndiupinde pang'ono ndi manja awiri. Ndinamva kakusuntha kakang'ono polumikizira, ngati dzino loyamba kugwedera.

Ndinagwira ina inayi kapena isanu. Wina unali wopinda, ndipo ababa anaukana ndisanamalize n'kuufotokoza komwe, amvekere mpeni wokhala ndi bondo tsiku lina umagwada pa chala cha mwini wake. Wina unali wautali kwambiri, wolemera kutsogolo, dzanja langa linatopa nditangounyamula. Kenako m'manja mwanga munagwa wina waufupi, utali wake wongopitirira pang'ono chikhatho changa. Msana wake unali wochindikala, wosalala. Ndinatsata chitsulo ndi chala, ndipo sichinathere pachigwiriro. Chinapitirira pakati pa matabwa awiri omangidwa ndi timisomali titatu mpaka kukatulukira kumapeto. Ndinaugwedeza, zii. Ndinaupinda, osasuntha. Nditaugogoda ndi chikhadabo unalira mawu amodzi oyera. Unakhala m'dzanja langa ngati unandidziwa kale.

"Uwu," ndinatero.

Nditatsegula maso ndinafuna kulira. Unali wakuda bii, wonyansa, dzimbiri lili mbuu chakuchigwiriro, chimake chake chachikopa chakale chosokedwa ndi waya. Dalitso anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere ndagula chokumbira mbewa. Ndinapempha ababa kuti tisinthe. Anakana. Anati maso anga akufuna kugulira anthu oonerera, koma manja agulira mwini ntchito, ndiye ndisankhe kuti pa Loweruka ndidzasenda ndi chiyani, maso kapena manja. Ulendo wonse wobwerera sindinawalankhule, kupatula kuwauza za miyala.

Mlungu umenewo ndinautha pamwala wonolera kuseri kwa nyumba. Ndinachotsa dzimbiri ndi mchenga ndi phulusa. Ababa ankakhala pambali akumvetsera kulira kwa chitsulo pamwala, ndipo ndikaimika mpeni mopitirira ankadziwa ndi khutu lokha. "Goneka pang'ono," ankatero. Ndinadulira zingwe za khonje, ndinasema zikhomo zomangirira mbuzi, ndinang'ambira nkhuni zoyatsira moto pomenya msana wake ndi chipika. Lachisanu unameta ubweya wa pamkono panga popanda kukanda khungu. Kunyansa kokha sikunachoke.

Loweruka anthu anadzaza. Atatha mapemphero kumanda, amuna anapha mbuzi ziwiri zija n'kuzikoleka pamtengo wa pichesi, ina nthambi iyi, ina nthambi iyo. Nditatuluka nditamanga chitenje cholimba, mpeni uli m'manja, amayi ena kumaphikiro anawomba m'manja modabwa. Ndinamva wina akuti mwana wamkazi wogwira mpeni pagulu sadzakwatiwa. Wina anati ndi zimene zimachitika pakhomo pakasowa tambala. Fungo la magazi ofunda ndi utsi wa nkhuni zaziwisi zinandikwera m'mutu. Ababa anakhala pachitsa pafupi nane, ndodo ili pakati pa miyendo, ndipo anangonena chimodzi: "Mpeni umangotsegula njira, Nangozo. Chosenda ndi chibakera."

Ndinacheka mozungulira miyendo, ndinatsegula mzere wapamimba, kenako ndinabweza mpeni m'chimake. Ndinalowetsa chibakera pakati pa chikopa ndi nyama n'kumakankha pang'onopang'ono, monga ankachitira iwo. Chikopa chinayamba kutsika chokha, chofunda, chikulira ngati nsalu yong'ambika patali.

Kumbali inayo Dalitso anayamba ndi liwiro, anyamata anzake akumuchemerera. Iye mpeni sankausiya, poti unali wokongola ndipo ankafuna anthu auone. Koma nsonga yake yaitali ija inkangolowa pachikopa, ndipo mano akumsana aja ankakoka ubweya n'kuupaka panyama. Atafika pamfundo ya mwendo anakanikiza kuti athyole. Tinangomva thyo! Chitsulo chinagwera m'fumbi, iye n'kutsala ndi chigwiriro m'manja, machesi ndi mbedza zili mbwee pansi. Mwayi wake sichinamulase. Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinadziwa kuti pakanapanda ababa, wogwira chigwiriro chopanda mpeniyo ndikanakhala ine.

Ndinamaliza yanga, ndinadula mfundo zonse zinayi, n'kuyala chikopa paudzu. Akuluakulu anachitembenuza uku ndi uku, nachiyang'anitsa padzuwa. Chiboo sanachipeze. Cha Dalitso chinali chikadali pambuzi, chili ndi mawindo okwana nyumba ya sukulu.

Ndinayesa kuti zatha. Koma ababa aang'ono anaimirira, nakweza mawu kuti onse amve.

"Apa wagwira ntchito ndi mpeni, osati mwanayu. Mpatseni Dalitso mpeni umenewo muone ngati sasenda bwino kuposa apa."

Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse. Amayi ankandiyang'ana ali kumaphikiro, maso awo akundipempha kuti ndikhale chete. Ndinagwada, pakuti mwambo ndinkaudziwa, koma mpeni ndinaubisa kumbuyo.

"Ababa, mwanena zoona, mpeniwu ndi wabwino. Koma anausankha ndani? Unali pathumba lomwelo pamene inu ndi Dalitso munafika. Munali ndi maso anayi. Ine ndinalibe ndi limodzi lomwe."

Kenako mkulu wina wovina ngoma, amene anali atagwira kale chikopa changa kuti asalandidwe, anaphulika kuseka, ndipo anthu onse anatsatira. Ababa aang'ono anabweza dzanja lawo n'kulilowetsa m'thumba. Madzulo ake amayi anandikalipira chifukwa choyankha akulu pagulu, ndipo ndinavomera kulakwa. Koma kulapa sindinalape. Mbuzi zinagona m'khola mwathu tsiku limenelo ndi masiku onse otsatira, ndipo ndi zomwezo zinaphunzitsa ang'ono anga awiri mpaka kusekondale.

Pali chimodzi chimene anthu aja sanachidziwe. Tisanapereke chikopa kwa mkulu uja, ababa anapempha kuti achigwireko. Anayendetsa zala zawo ponseponse, ndipo chakukhwapa kwa mwendo wakutsogolo zala zinaima. Panali kachiboo kakang'ono kongokwana njere ya mapira, kamene maso onse aja anakaphonya. Anangochipereka kwa mkulu uja. Tikubwerera kunyumba anandifinya phewa n'kunong'ona kuti, "Pakhwapa paja unamvera amayi aja akumaphikiro." Zinali zoona. Ndi pamene ndinakumbukira mawu aja oti sindidzakwatiwa, dzanja n'kuterereka.

Lero ndili ndi benchi yanga yogulitsira nyama ku Manjawira, ndipo kukwatiwa ndinakwatiwa, amene ankada nkhawa apume. Alipobe amuna amene amaima patali n'kumanena kuti nyama yosenda mkazi siikoma. Ndimawasiya, mawa lake amabwera kudzagula chiwindi. Anyamata okonda za m'tchire amabwera ndi mipeni yawo yamawangamawanga kuti ndiwanolere, ndipo ndisanaigwire ndimawauza atseke maso, atsate chitsulo ndi chala, andiuze pamene chathera. Ambiri amachoka atakhumudwa. Chimene ndinaphunzira pathumba lija ndi choti chinthu chimathyokera pamene chitsulo chathera, pobisika, pamene wogulitsa safuna kuti ugwirepo. Anthu nawonso ndimawayesa chimodzimodzi, ndipo ine ndemwe anandiyesa ndi maso n'kundipeza woperewera.

Ababa anamwalira ndili ndi zaka makumi awiri. Pogawa katundu wawo, ababa aang'ono, imvi zili mbuu, anaona mpeni wakuda uja uli pawindo ndipo anautola, amvekere chida cha mwamuna chimabwerera kwa abale ake. Ndinagwadanso monga tsiku lija, n'kutambasula manja onse awiri.

"Wa malemu ndi uwo woonda ngati tsamba la nsungwi, tengani. Uwu mwini wake sanafe."