Katundu Wosasuntha

Lero inki ya chidindo yandidetsa chala ku ntchito, ndipo fungo lake landibwezera kuboma ku Nsanje, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu.

Bambo atamwalira, abambo aang'ono ankafuna kutenga bwato ndi munda wathu wa ku Makhanga. Amayi sanakangane nawo. Anangoti tonse tipite ku ofesi yoona za chuma cha masiye. M'menemo munkatentha zedi, diresi langa litamatirira kumsana.

Kalaliki anafunsa amayi kuti, "Kodi malemuwa anasiya katundu wanji wosasuntha?"

"Wosasuntha? Bwana, kwathu madzi akasefukira nyumba imasuntha, munda nawonso umasuntha. Chosasuntha ndi bwato lokha, chifukwa timalimangirira kumtengo."

Kalaliki uja anaseka mpaka misozi. Ngakhale abambo aang'ono, amene anali ndwii pabenchi, analephera kudzigwira.

"Chabwino, mayi. Wosuntha ndi wosasuntha yemwe, lamulo likuti oyamba kulandira ndinu ndi ana anu. Dindani apa."

Amayi anaviika chala mu inki n'kudinda papepala. "Takhuta," anathokoza m'Chisena. Kenako anatembenuka, nandidinda pamphuno ndi chala chomwecho.

"Lembaninso, bwana. Uyunso ndi wanga."