Imfa ya aMakwinja, Mlonda wa M'phiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene aMakwinja anapezeka atafa m'nkhalango ya paini m'phiri la Zomba. Tinkakhala ku Chikanda, ine ndi amayi awiriwiri, m'nyumba ya lendi. Amayi ankagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri, ndipo Loweruka lililonse ndinkapita nawo kukawathandiza kutsuka masitiroberi ndi kuwaika m'timadengu.

AMakwinja anali mlonda wa nkhalango, bambo wamtali wosakonda zokamba zambiri. Ankakonda kuima pamalo pathu, kusenda nthochi imodzi n'kumacheza ndi amayi za mvula. Amene anapeza mtembo wawo ndi azimayi otola nkhuni, m'mawa wa Lamulungu, kumtunda kwa damu la Mulunguzi. Anali atakhapidwa kumutu.

Patapita masiku angapo, galimoto ya apolisi inafika ku Chikanda ndi chimkuzamawu, n'kuima pamsika. Wapolisi wina wamkazi ananena kuti afufuza koma sanapeze pogwira, choncho ankapempha aliyense amene anaonako kanthu, ngakhale kooneka ngati kachabechabe, kuti apite akawauze, ndipo dzina lake silidzatchulidwa. Anthu anamvetsera atapinda manja. Kenako galimotoyo inachoka. Aliyense ankangoyang'ana mnzake cham'mbali.

Kuyambira tsikulo Chikanda inasintha. Pampopi azimayi ankatsitsa mawu munthu akamayandikira. Mnyamata wina anadzicheka ndi lata padzanja, anthu anamufunsa mpaka anasiya kutuluka m'nyumba. Koma dzina limene linkamveka kwambiri m'manong'onong'o linali la aJuliyasi, aneba athu ocheka matabwa. Makolo awo anachokera ku Mozambique, kunyumba kwawo ankayankhula Chilomwe, ndipo aliyense ankadziwa kuti aMakwinja anawalandapo sowo. Ana anayamba kugenda denga lawo. Kenako apolisi anabwera kudzawatenga.

Koma ine ndinali nditaona kanthu. Loweruka, kutatsala tsiku limodzi kuti mtembo upezeke, dzuwa litapendeka, nkhungu itayamba kutsika, amayi anandituma kukatunga madzi pakamtsinje. Ndili komweko ndinaona lole yoyera yodzaza ndi zipika itaima m'kanjira ka m'nkhalango. AMakwinja anali ataima patsogolo pake, akukangana ndi azibambo awiri, wina atavala jekete lachikopa. Sanali aJuliyasi. AJuliyasi anali atatsika kale masana, akukankha njinga yawo, ndipo anatipatsa moni podutsa.

Nditawauza amayi, anadzuka n'kukatseka chitseko ngakhale kunali masana. Anandifunsa ngati ndinauzako wina, ndipo nditakana anandilamula kuti nkhaniyo ithere m'nyumba momwemo. Anati eni malole otere ndi anthu amphamvu, amadutsa pamsewu wathu tsiku ndi tsiku, ndipo ife tilibe mwamuna woti angatiteteze. Anatinso lonjezo lobisa dzina ndi lapakamwa chabe, chifukwa ku Zomba munthu sungalowe pageti la polisi popanda wokuona.

Ndinakhala chete monga anandiuzira. Koma tsiku lina m'mawa tili pampopi, kunabwera aRoza, akazi a aJuliyasi, mwana ali kumsana. Anaika ndowa yawo pamzere. Mayi wina anaikankhira pambali ndi phazi, ndipo ena onse anayang'ana kwina. ARoza anaima pomwepo nthawi yaitali, mwana akulira, mpaka anatola ndowa yawo yopanda madzi n'kubwerera. Amayi anaona zonsezo. Tinabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde akusankha nyemba zimene anali atasankha kale.

M'mawa mwake anavala chitenje chawo chakutchalitchi, anandisambitsa ngati kamwana, tinayamba ulendo wa m'tauni. Sanadzere njira ya pamsika. Tili pafupi kufika anaima, n'kundigwira paphewa.

"Esinati, ukanene zimene maso ako anaona basi," anatero. "Za pampopi uzisiye kunja kuno. Chimene sukudziwa unene kuti sindikudziwa, ngakhale akufunse kangati."

M'chipinda cha apolisi munkanunkha utoto wa nsapato ndi mapepala akale. Wapolisi amene anatilandira anayamba ndi amayi. Anawafunsa chifukwa chimene anachedwera, ubale wawo ndi aJuliyasi, komanso ngati wina anatituma. Ndinazindikira kuti ifenso akutikayikira. Atafika kwa ine anafuna nambala ya lole, ndinati sindinaione. Anafunsa ngati wa jekete uja sankafanana ndi aJuliyasi pang'ono, poti kunali nkhungu. Ndinati ayi. Anabwereza funsolo m'njira zosiyanasiyana, koma yankho langa silinasinthe. Amayi ankangoyang'ana pansi.

AJuliyasi anatulutsidwa patapita nthawi. Sindikudziwa ngati mawu anga ndiwo anawapulumutsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe anapita kukawapepesa. Ena ankati atuluka ndi mankhwala. Mvula isanagwe, banja lonse linalongedza katundu n'kupita kwa abale awo ku Phalombe.

Monga momwe amayi ankaopera, zinamveka kuti tinapita ku polisi. Anzanga anasiya kundiitana kophada, ndipo azimayi ankasintha nkhani amayi akafika. Loweruka lina tili pamsewu, lole yoyera yopanda katundu inaima pamalo pathu. Munatsika bambo wovala bwino, anagula masitiroberi onse osanenerera mtengo. Kenako anandiyang'anitsitsa akumwetulira.

"Mayi, mwana wanuyu akuti ndi wamaso akuthwa eti?" anafunsa motero. "Muzimusamala."

Mpaka lero sindikudziwa ngati bamboyo anali mmodzi wa awiri aja, kapena munthu wongocheza. Nkhope sindinaizindikire. Koma amayi anasonkhanitsa timadengu, ndipo kuphiri sanabwererekonso. Anayamba kugulitsa tomato mumsika wa m'tauni, komwe phindu linali lochepa. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi.

Amene anapha aMakwinja sanapezeke. Nditakula, ndili mphunzitsi kale, ndinakumana ndi akazi a aMakwinja pamaliro ena ku Chikamveka. Anali atakalamba, koma atamva dzina la amayi anandigwira dzanja osalisiya. Anandiuza kuti m'zaka zonsezi anthu angapo akhala akubwera kwa iwo mmodzimmodzi, mwachinsinsi, kudzawauza kuti loleyo anaiona. Wina ankamudziwa ngakhale dalaivala wake, koma anaulula ali pa mphasa ya imfa, dalaivalayo atachoka kale m'dziko muno. Ena mwa amene anawatchula anali anthu omwewo amene ankatsogolera kuloza chala aJuliyasi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti anthu a ku Chikanda ankakayikira aJuliyasi chifukwa sankadziwa zoona. Tsopano ndikuona kuti ambiri ankadziwa, koma zoonazo zinali zoopsa kuzigwira, ndiye anasankha munthu amene sakanawabwezera. Amayi nawonso ankaopa, mwina kuposa onsewo, ndipo mantha awo anali ndi chifukwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anapita nawo mantha awowo mpaka kukalowa pageti lija, atandigwira dzanja.